Galu Wanga ndi Chigalu cha Alamu

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, mpaka lero sanandiuzepo mawu akuti pepani. Ndanena zimenezi poyambirira dala, kuti amene akuyembekeza nkhani ya abale okumbatirana kumapeto asataye nthawi yake. Timakhala moyandikana, pamalo amene malemu amayi athu anatisiyira, kumtunda kwa Chezi. Pakati pa nyumba yanga ndi yawo pali chigafa changa cha fodya, kanjira kopita kumjigo, ndi mpanda wa nkhadze wobooka pena ndi pena. Ndikatsokomola kwanga, iwo amamva.

Galu wanga ndinamutenga chaka chimene bambo a ana anga anamwalira. Ana onse anali atapita kale kutauni, ndipo nyumba inandikulira. Mayi wina wa ku Msakambewa anali ndi tiana ta galu. Ndinamupatsa msoti, iye n'kundipatsa kamwana kofiirira ka makutu ogwa, kamene ndinabwera nako m'dengu. Atakula sanakhale galu woti wakuba n'kumuopa. Akaona mlendo ankauwa kawiri kongokwaniritsa lamulo, kenako n'kuyamba kumunyambita mapazi. Ntchito yake yeniyeni inali kunditsata: kumunda, kudimba, kuchigayo, ngakhale kumaliro. Lamulungu ankandiperekeza mpaka pamtengo wa mbawa umene uli kunja kwa tchalitchi, n'kugona pamenepo mpaka titaweruka. Ndinkalankhula naye, sindikana. Munthu ukamakhala wekha umalankhula ndi chilichonse chimene chili ndi makutu, ndipo iyeyu ankaposa anthu ambiri chifukwa sankapita nazo kumjigo.

Cha alamu sindichitchula kuti galu, ndimati chigalu. Anachigula ku Mponela chaka chimene akuba anawasololera fodya m'chigafa. Chinali chakuda, chachitali miyendo, mutu ngati mtondo. Kwathu kuno kuli nzeru ina yopusa, yakuti galu kuti aluse uzimumana chakudya, ndipo nthawi zina uzimusinjira mavu ndi tsabola m'madeya. Alamu anachita zonsezo osaphonya. Ndinawaonapo ndi maso angawa, mkulu wa mpingo wathunthu, akuthyola chisa cha mavu kuseri kwa khola ndi jumbo m'manja, akulumphalumpha uku akudziwomba m'makutu. Mankhwala awo anagwira. Chigalucho chinayamba ndi nkhuku za eni, kenako chinang'amba chitenje cha mayi wina amene ankachokera kumjigo ndi ndowa pamutu.

Ndinawauza tsiku lina tikupalira m'malire. Ndinati, "Alamu, chigalu chanuchi muzichimanga masana. Muzichimasula anthu akalowa m'nyumba."

Iwo anaseka. "Alamu, pachingwe pamakhala mbuzi. Galu ukamumanga amaiwala ntchito."

Zinachitika m'mawa wina mu Malichi, tili pakati pothyola fodya. Ndinali nditakhala m'chigafa ndikusoka masamba, manja ali bii ndi utomoni. Galu wanga anagona pasaka pakhomo la chigafacho, akuwothera dzuwa. Sanauwe, sanapute aliyense. Chigalu chinadutsa pabowo la mpanda mwakachetechete, ndipo chimene ndinamva ndi kulira kokha, kulira kumene ndinali ndisanamumvepo akulira. Nditatuluka ndinapeza chamugwira paphewa, chikumukutumula uku ndi uku, miyendo yake osafika pansi.

Ndinasolola mtengo wopachikira fodya n'kuyamba kumenya. Ndinamenya pamsana, mtengo unathyoka. Ndinamenya ndi chotsalacho, chigalu osasiya, chinangosintha pogwira, kuchoka paphewa kupita kumwendo. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse: nditatukula maso ndinaona alamu ataima kuseri kwa nkhadze, kapu ya tiyi ili m'manja. Ankati, "Iwe! Iwe, siya!" ndi mawu oitanira nkhuku. Sanadumphe mpanda, sanatole mwala, ngakhale kapuyo sanaiike pansi. Mano awo ndinawaona. Munthu uja ankanyadira kuti mavu ake agwira ntchito.

Amene anatilanditsa ndi mng'ono wanga. Anathamanga ndi ndowa ya madzi amene ankatsukira mbale n'kuikhuthula pamutu pa chigalucho. Chinasiya, n'kudzikutumula, n'kubwerera kwawo chikuyenda pang'onopang'ono, osacheuka. Galu wanga anatsala pafumbi. Khutu linali litang'ambika pakati, paphewa chikopa chikulendewera, mwendo wakutsogolo utatafunidwa mpaka fupa kuonekera. Anandiyang'ana, n'kuyesa kudzuka kuti abwere pamene ndinaima, koma anagwa.

Sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinamukulunga m'chitenje n'kumubereka kumbuyo monga ndinaberekera ana anga onse, ulendo wotsetsereka kupita ku Chezi kwa mlangizi wa ziweto. Magazi ankandiyenderera m'chiuno. Njira yonse anthu ankasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Pamalo ogulitsira tomato m'mphepete mwa msewu bambo wina anakuwa kuti, "Mayi, mwanayo wafanana ndi bambo ake!" Anzake anaseka chikhakhali. Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, ndipo sindinalapebe.

Mlangiziyo, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, ndi munthu yekhayo amene sanaseke tsiku limenelo. Anayala saka patebulo pansi pa mtengo, n'kumubaya jakisoni, n'kusoka phewa ndi khutu ine nditagwira mutu. Mwendo anaumanga ndi timitengo tiwiri, kenako anapaka jivi, mankhwala a mabala aja, paliponse. Anandifunsa ngati galu woluma uja analandira katemera wa chiwewe. Ndinati, "Eni ake ndi anthu a mavu, za katemera akazidziwira kuti?" Anamubaya jakisoni wina. Pondithandiza kumubereka anati, "Mayi, mabalawa apola mukamatsuka ndi madzi a mchere, ntchentche zisaterepo. Chachikulu adye. Koma mantha ndiye ndilibe jakisoni wake."

Nditangomutsitsa pakhomo, anadzikoka n'kukalowa pansi pa nkhokwe, pakati penipeni pamene dzanja silifika bwino. Sanatulukenso. Ndinayesa kumutulutsa kuti azigona kukhitchini, koma ankangolira, ndiye ndinamusiya. M'mawa ndi madzulo ndinkakwawa chafufumimba, mayi wamkulu ngati ine, ndi kabeseni ka madzi a mchere, mutu ukugunda mitengo ya nkhokwe, anankafumbwe akundigwera m'khosi. Ndinamuphikira phala la mgaiwa, ndinamuswera mazira, ndinamusinjira usipa. Ankanyambita kawiri katatu n'kutembenuza mutu. Nthiti zinayamba kuonekera. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha padziko lonse lapansi: kuti atuluke pansi paja yekha, adye.

Akanatuluka bwanji? Chigalu chinali chikuyendabe mmene chafunira. Chinkalowa pabwalo panga tsiku lililonse, kununkhiza kuzungulira nkhokwe, n'kukweza mwendo pansanamira zake. Galu wanga akangomva fungo lake ankanjenjemera mpaka kudzikodzera. Ndikamachoka pakhomo ndinkayamba ndatchinga mbali zonse za nkhokwe ndi malata akale ndi njerwa. Ndinatseka mabowo a mpanda ndi minga, chigalu n'kuboola pena. Ndinaunjika miyala pakhonde, ndipo ndinaphunzira kugenda ndili kale ndi zidzukulu.

Alamu anabwera tsiku lachitatu. Nditawaona akulowa ndinawapatsa mpando, mtima n'kutsikako pang'ono, poganiza kuti munthu wazindikira kulakwa kwake. Paja mwambo wathu umalola munthu ndi mlamu wake kusereulana. Iye amatha kukutcha mkazi wake, iwe n'kumunena kuti ndi mkamwini wosauka amene anabwera ndi buluku limodzi, nonse n'kuseka, palibe mlandu. Ine ndi alamu tinasereulana choncho zaka zambiri, ndipo pakamwa panga sipankagonja. Sindinkadziwa kuti munthu angabisale kuseri kwa mwambo umenewu atalakwa.

Anakhala pampando, n'kusuzumira pansi pa nkhokwe, n'kuti, "Alamu, ndamva kuti amuna anu anakagonekedwa kuchipatala. Akupeza bwanji?"

Ndisanayankhe, anaonjezera.

"Musadandaule. Akatsikira kuli chete ndilipo ine, ndidzalowa chokolo."

Mawu amenewo anawalankhula pabwalo lomwe linanyamulidwira bokosi la amuna anga enieni, iwo omwewo atagwira kutsogolo. Ndinaima n'kuwauza kuti, "Alamu, dzukani pampando wangawo. Nthabwala zimakoma onse awiri akamaseka. Ine mukundiona ndikuseka?"

"Aa, alamu, agalu amalumana. N'chilengedwe chawo. Tiyambane chifukwa cha galu?"

"Mavu aja anadzisinja okha? Ndinakuuzani kuti mumange, munati chiyani? Munaima apo ndi tiyi wanu, mano ali mbee!"

Anadzuka akupukusa mutu, ngati ine ndi amene ndawachimwira, n'kumapita. Madzulo ake ndinamva kuti kugolosale akufotokozera anzawo kuti galu wawo ndi mkango, akagwira sataya.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mudzi wonse unkaona ngati wopenga ndine. Chikhala kuti chigalucho chinaluma mbuzi yanga, bwenzi anthu atakhala pansi, mlandu n'kukambidwa, alamu n'kupepesa pamaso pa onse. Ngakhale nkhuku ili ndi mlandu wake. Koma galu sadyedwa, ndiye kwathu kuno magazi ake ndi madzi. Kumsonkhano wa amayi Lachinayi mayi wina anandigwira dzanja n'kunena ndi mawu ofewa kuti, "Tingoyamika kuti sanali mwana." Ndinamufunsa ngati tikudikira kuti chiyambe chadya mwana kuti tichimange. Anandisiya dzanja, ndipo pemphero lotsekera tsiku limenelo linali lopempherera anthu a mitima youma.

Mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe nditamuimbira foni anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Amayi, musadzikwezere bipi. Akafa tidzakupezerani wina wabwino, wachizungu." Ndinadula foniyo. Wina? Ngati ndi ndowa yobooka? Mwanayo sakudziwa kuti miyezi yoyamba ya umasiye wanga kunali masiku amene sindinkafuna kudzuka pamphasa, ndipo amene ankandidzutsa ndi kagalu kameneka, kakukanda chitseko mpaka nditsegule. Ana anabwera kumaliro n'kubwerera ku ntchito zawo, ndipo sindiwadzudzula. Koma amene anatsala nane ndi uyu anali pansi pa nkhokweyu.

Fodya wanga anavutika chaka chimenecho. Masamba ena anapsera m'munda chifukwa ndinkaopa kupita kutali. Ndikakhala m'chigafa singano ili m'manja, khutu linkakhala kunkhokwe. Ndinkasoka uku ndikuzenga ndekha mlandu ndi alamu, kuwafunsa mafunso n'kudziyankha, kuwagonjetsa kasanu tsiku lisanathe. Chakudya chinasiya kundikomera. Mkwiyo ndi ntchito, umatopetsa kuposa khasu, koma ine sindinkafuna kuutula, chifukwa ndikanautula bwenzi palibenso munthu wokumbukira kuti pano panachitika choipa.

Mng'ono wanga ankabwera mozemba amuna ake akapita kumunda, ndi mazira awiri m'chitenje. Ankakhala pakhonde n'kumati, "Achemwali, mtima pansi. Chibale ndi fupa, sichiwola."

"Iwe, usandiuze za miyambi. Ukawauze amuna akowo amange chigalu."

"Ndawauza, achemwali. Mukuwadziwa."

Ndinkamumvera chisoni, koma chisonicho sichinkachedwa kusanduka mkwiyo. Malo amene akukhalawo ndi athu, a amayi athu. Munthu anachita kubwera kudzakwatira, lero ndi amene akulamula kuti ndani ayende pabwalo panga.

Sabata yachitatu inali ya Mgonero. Kumpingo kwathu akulu a mpingo amayenda m'makomo masiku amenewo kupereka makadi kwa oyenera kudya, ndipo amene ali ndi chakukhosi ndi mnzake amayenera kuyamba wachikonza. Mkulu wa mpingo wa dera lathu ndi alamu omwewo. Anabwera Lachisanu masana atavala jekete, buku lili kukhwapa, chigalu chikuwatsata pambuyo mpaka pabwalo panga. Pansi pa nkhokwe ndinamva kaliwu kochepa.

"Alamu," anatero ndi mawu a paguwa, "khadi lanu ili. Koma paja mukudziwa kuti pagome la Ambuye sitipitapo ndi chakukhosi. Mtima mwaukonza?"

Ndinati, "Chakukhosi changa chaima kumbuyo kwanuko, chikukodzera nkhokwe yanga."

Sanacheuke n'komwe. "Ndiye mudzichotse pagome chifukwa cha galu? Anthu akamva adzati chiyani?"

"Adzati zomwe akunena kale. Khadilo bwererani nalo. Sindingalandire chikho kuchokera m'manja amene anakanika kuika pansi kapu ya tiyi."

Analibwezera m'buku mwaulemu, n'kunena kuti andipempherera. Chilowereni mumpingo ndili mtsikana ndinali ndisanaphonyepo Mgonero, ngakhale chaka cha maliro chija. Atachoka ndinalowa m'nyumba, ndipo ndi pamene ndinaganiza zopha chigalucho.

Sindibisa, ndipo sindinamizira satana. Ndinaganiza ndekha, dzuwa likuswa mtengo, mutu uli bwinobwino. Ndinkadziwa kuti chigalucho sichinadzisinjire mavu. Wolakwa weniweni amavala jekete, koma ameneyo sindikanamukhudza, ndiye ndinati ndimupweteke pamene amanyadira. Kudenga la chigafa kunali kabotolo ka mankhwala ophera mbozi amene anatsala kunazale ya fodya. Mlimi wa fodya aliyense amadziwa zimene mankhwala amenewo amachita, n'chifukwa chake timawapachika kutali ndi ana. Loweruka ndinatsikira ku Chezi n'kugula chiwindi cha mbuzi ndi kanyama konona. Wogulitsayo anati, "Lero kunyumba kuli alendo eti?" Ndinati eya. Pobwerera ndinazungulira njira ina kuti ndisadutse pakhomo pa mlangizi uja.

Lamulungu m'mawa ndinachotsa lata limodzi kunkhokwe, ndinatsuka mabala monga mwa masiku onse, ndipo latalo sindinalibwezere. Belu linalira, mudzi wonse n'kutsetserekera kutchalitchi. Ndinawaona alamu akudutsa, mng'ono wanga pambuyo atavala bulauzi yoyera. Chigalu chinatsala chitagona pafupi ndi khola lawo la mbuzi. Nyimbo yoyamba itayamba kumveka kuchokera kumunsi, ndinasonkha moto. Ndinaganiza kuti nyama yaiwisi fungo lake silipita patali, ndiye ndinaikazinga pang'ono kuti chigalucho chiimve msanga. Fungo linadzaza bwalo lonse. Ndinaidula nthuli zinayi, n'kuzing'amba pakati, n'kudonthezamo mankhwala aja, n'kuziika m'mbale yakale yobooka. Mbaleyo ndinaisiya pakhonde. Ndinalowa m'nyumba kukasamba m'manja ndi sopo, monga amatiphunzitsira tikagwira mankhwala, kuti ndikatero ndikaitule kumpanda.

Taonani uchitsiru wanga. Masabata atatu ndinakhala ndikukwawa ndi phala, mazira ndi usipa, osaganizapo n'kamodzi komwe zomugulira galu wanga nyama. Nyama ndinagulira mdani wake. Ndipo poikazinga ndinaganizira mphuno imodzi yokha, ndinaiwala kuti pabwalo panga palinso ina.

Nditatuluka ndinamupeza pakhonde. Anali ataima ndi miyendo itatu, wowonda, mawanga a jivi ali thupi lonse, khutu losokedwa lija litapendekeka. Anatuluka yekha. Anadutsa bwalo lonse yekha, n'kukwera khonde. Atandiona anagwedeza mchira mwamphamvu mpaka kutsala pang'ono kugwa. Chinthu chimene ndinkachipempha m'mawa ndi madzulo chinali chitachitika. Kenako anaweramitsa mutu m'mbale.

Panalibe nthawi yoitana kapena yowerama. Ndinamumenya theche. Phazi langa linafikira paphewa losokedwa lija, ndi mphamvu zonse zimene ndinasungira chigalu cha alamu. Anagwera pansi pa khonde chagada, n'kulira kulira komwe kuja kwa tsiku la kuchigafa. Ndinamuthamangira, ndinamutsegula kukamwa, ndinapisamo zala, ndinanunkhiza. Munalibe kanthu. Ndinacheukira m'mbale, nthuli zonse zinayi zinalimo. Pamene ndinkayang'ana mbaleyo iye anapulumuka m'manja mwanga n'kudzikokera pansi pa nkhokwe, akusiya mzere wa magazi pafumbi. Ulusi unali utaduka.

Nyama ndi mbale yomwe ndinakaponya m'chimbudzi, kabotolo kaja n'kutsatira. Pamene panali mbale ndinapala dothi ndi khasu n'kukalitayanso komweko. Kenako ndinagona chafufumimba pafupi ndi nkhokwe n'kuyamba kumuitana. Ndinamuitana ndi mawu onse amene ankawadziwa. Nditatambasula dzanja, anadzikankhira kumbuyo n'kundionetsa mano. Chibadwire anali asanaonetsepo munthu mano. Kumunsi ankaimba nyimbo yolandirira mkate, ndipo ine ndinali m'fumbi ndikutukwana alamu, chigalu, mavu, mudzi wonse, ndi phazi langa lomwe.

Mng'ono wanga anandipeza pomwepo akuchokera kutchalitchi. Ndinamuuza zonse, osasiyako. Sanandidzudzule. Anapita kwawo n'kubwera ndi phala m'kambale ndi kansalu koyera, n'kukwawira pansi pa nkhokwe ndi bulauzi yake ya Mgonero. Ndinamumva akumunyengerera chapansipansi. Patapita kanthawi ndinamva lilime likugunda mbale. Galu wanga ankadya, ndipo anamaliza phala lonse. Ndinasangalala, inde, koma musandifunse kuti chinali chisangalalo cha mtundu wanji, kumva galu wako akudya m'manja mwa mkazi wa munthu amene anamupweteketsa, iwe mwini wake atakukana.

Mawa lake mlangizi anabwera panjinga yake yamoto n'kusokanso phewa, mutu atagwira mng'ono wanga. Anandifunsa kuti ulusi unaduka bwanji. Ndinamuuza zoona. Anangoti, "Mwachita mwayi, mayi." Anatenga chikwama chake n'kumapita.

Tsiku lomwelo alamu anamanga chigalu chawo pamtengo wa mango. Mng'ono wanga anali atawauza za chiwindi chija. Unyolo unalipo nthawi yonseyi, unkangolendewera m'khola. Zimene anakana kuchita ataona magazi a galu wanga, zimene anakana nditabweza khadi, anazichita tsiku limodzi atamva kuti chawo chikhoza kufa. Ndiye anthu akamandiuza kuti alamu anasintha mtima, ndimawauza kuti akanene zimenezo kwina. Kuonjezera apo anakandinenera kwa akulu anzawo kuti ndine mayi wosewera ndi poizoni, ndipo ndinaitanidwa kukadzifotokoza. Ndinapita, ndinavomera zanga zonse. Nditafunsa kuti nanga wosinja mavu aitanidwa liti, anandiuza kuti nkhani ya agalu si ya mpingo.

Galu wanga anachira. Anatuluka pansi pa nkhokwe patapita masiku ena, chigalu chili paunyolo. Amatsimphina, khutu limodzi ndi lalifupi, ndipo paphewa ubweya sunamerenso. Chakudya changa anayambanso kulandira, koma amadikira kuti ndiike mbale pansi ndichokepo. Amanditsatabe, kungoti masiku ano amasiya mpata pakati pathu. Munthu ukhoza kumufotokozera kuti ndinakumenya pokupulumutsa, iye n'kumva. Uyu ndamufotokozera kambirimbiri, amangondiyang'ana kumapazi.

Amayi a kumpingo amati ndikhululuke, nthawi yapita. Alamu akamadutsa amandipatsa moni wansangala ngati palibe chinachitika, ine ndimawayankha moni wa mlendo. Ndikawaona mtima umandiwira ngati zachitika m'mawa womwe uno, chifukwa iwo sanataye kanthu. Chigalu chawo chilipo, chanenepa, ndipo chikawaona chimalumpha ndi chimwemwe mpaka unyolo kulira.

Dzulo popita kudimba munga unandibaya kuphazi. Ndinatula dengu, n'kukweza mwendo kuti ndiuzule. Galu wanga anali kumbuyo kwanga, patali ndithu poti phazi silingafike. Anadzigwetsa m'kanjiramo, n'kubisa phewa lija pansi, n'kutsinzina, kudikira.